Thunthu la Nthochi M'manda

Khoma la dothi likamagwera m'madzi silipokosera. Limangoti bwa, ngati ng'ombe yotopa ikugona pansi, kenaka zii. Ndinalimva koyamba ndili kumsana kwa agogo, madzi akuwalekeza m'chiuno. Ndinalimvanso nditayamba sukulu, ndinalimvanso ndevu zikumera. Inu amene mwagona m'tchalitchi muno sabata ino mukulidziwa, palibe choti ndikuwonjezereni.

Dzina langa ndine Lameki. Abusa andipempha kuti ndinenepo mawu, koma ine ndine munthu wa maso, osati wa pakamwa, ndiye mundipirire. Ndakhala ndikubwera kuno kudzathandiza kugawa phala, ndipo ndaona abambo ena dzuwa likapendeka akuzemba cha kuseri kwa chimbudzi, kulowera ku Mchesi kwa otcheza kachasu, pobwera akutafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Sinditchula munthu. Njira imeneyo ndinaiyenda mpaka udzu unaleka kumera, ndiye ndingokuuzani kumene imakathera.

Kwathu ndi uko mtsinje wa Lilongwe unowu umachokera, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama. Mayi anamwalira ndikukwawa, bambo anatsatira ndisanawagwire nkhope. Anandilera ndi agogo aNabanda, mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, wafodya wa m'mphuno. Sankandinyengerera. Ndikakhala phee pakhonde kuyang'ana anthu, ankati, "Iwe, maso amenewo udzadya?" Koma mbatata yayikulu inkagwera mbale yanga.

Madzi ankatipeza kawirikawiri. Chaka china ankangonyambita minda, chaka china ankalowa m'nyumba, chaka china ankanyamula nkhokwe yonse ngati dengu. Tinkathawira pa chulu chachikulu cha kuseri kwa mudzi, madzi akaphwa n'kutsika, kuponda dothi, kumanganso pomwepo. Anthu a m'tauni amafunsa kuti bwanji osangosamuka. Mwina akufunsani kale inunso. Kumtunda kunali minda ya eni ake, kwina fodya wa anthu a ndalama. Yathu nthaka inali ya m'mphepete, ndipo madzi akabwerera ankasiya dothi lakuda lobereka chimanga popanda feteleza. Agogo ankati mtsinje ndi mwamuna wankhanza amene salephera kubweretsa ndiwo: amamenya, koma ukamusiya udya chiyani?

Likulu litayamba kusamuka ku Zomba kubwera kuno, anyamata tonse tinakhamukira m'tauni. Ndinayamba ndi kusenza njerwa ku City Centre, nthawi imeneyo kuli tchire, fumbi ndi mathirakitala. Kenaka ndinapeza ntchito ya m'maluwa ku Area 10, kwa bwana wina wa m'boma amene anabwera ndi banja lake kuchokera ku Zomba. Anali anthu abwino, sindinganame. Anandipatsa kachipinda kuseri, ndipo tsiku lonse ndinkathirira kapinga ndi paipi. Pakutha pa mwezi ndinkapita kumudzi ndi sopo, shuga ndi fodya wa agogo. Ankanunkhiza fodyayo n'kunena kuti wa m'tauni ngwosalowerera, koma ankamubisa m'chiuno.

Tsiku limene madzi anawatenga agogo, kumudzi kunali dzuwa. Mvula inagwa kumapiri, osati kwathu. Mukudziwa kuti dzinja mbuzi timazimangirira pa zingwe kuti zisadye chimanga cha anthu. Agogo anali atafika kale pa chulu ndi anzawo, n'kumva mbuzi zawo zikulira kumunsi. Azimayi anawagwira nsalu, iwo anaisiya nsaluyo m'manja mwawo. Mbuzi zinafika pa chulu, zingwe zikukwekwereka kumbuyo. Eni ake sanafike.

Uthenga unandipeza pa geti, ndili ndi paipi m'manja. Pomwe ndinkafika kumudzi, amuna anali atatha masiku akufufuza m'mabango. Malume anga aSandalamu, mwana woyamba wa agogo, anandiitanira pambali. Maso awo anali ofiira, miyendo yong'ambika ndi bango.

"Mphwanga, tafunafuna, mtsinje wakana. Mawa tiika. Iweyo anakulera ndiwo, pita kudimba kwawo ukasankhe nthochi."

Kwa inu ochokera kwina, mwambo wathu ndi wotere: munthu akapita ndi madzi osapezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga mu mphasa, n'kuliika m'manda ngati mwini wake. Ndinkaudziwa mwambowu kuyambira ndili mwana. Koma kuudziwa n'kwina, kuuzidwa kuti ukadule ndiwe n'kwinanso.

"Malume, agogo anga si nthochi."

"Ndani wati ndi nthochi?"

"Nanga mukufuna kukwirira chiyani? Ngati mwatopa kufuna, ingonenani kuti mwatopa."

Anayang'ana mapazi anga.

"Wabwera ndi nsapato zowala kudzatiuza kuti tatopa."

Ndinatembenuka, n'kuuyamba wa kumsewu. Azimayi ankandiitana, sindinacheuke. Anaika maliro ine kulibe.

Tsopano imvani mmene munthu amatsetserekera. Nditabwerera kuntchito, ganizo limodzi linandikakamira: madzi a kwathu amadutsa pansi pa mlatho wa ku Old Town. Chilichonse chimene atenga kwathu, ayenera kudutsa nacho pamenepo. Ndinayamba kupitako Lamulungu, m'malo mwa kutchalitchi. Kenaka tsiku lililonse limene mvula yagwa. Ndinkasiya khasu pakati pa maluwa, kuyenda mtunda wonsewo wapansi, kukatsamira pa chitsulo cha mlatho mpaka maso kuwawa. Pobwerera ndinkazizidwa, ndipo ku Mchesi kunali mayi wina wotcheza kachasu amene sankafunsa mafunso.

Madamu, akazi a bwana, anandipirira. Tsiku lina anati, "Kodi Lameki, iwe ndi shuga? Mvula ikangoti wa, wasungunuka." Ndinaseka nawo, mawa lake n'kusowanso. Pamapeto pake bwana anaimitsa galimoto pa geti, anatsitsa galasi, anati, "Tayesetsa, mnyamata. Kapume kaye kumudzi." Kumudzi sindinapite.

Pa mlatho panali anyamata ena amene ankavuula zinthu m'madzi ndi ngowe zazitali za nsungwi. Wamkulu wawo anali Jailosi, munthu wa nthabwala, mano akutsogolo mulibe. Ndiye anandipatsa dzina loti Kakowa, chifukwa choima m'mbali mwa madzi tsiku lonse osayankhula.

"Iwe Kakowa, nsomba ukudikirayo inakwatiwa kalekale. Gwira ngowe apa. Mtsinje uwu ndi sitolo yopanda mwini."

Ndinaigwira. Maso anga anali akuthwa, ndinkaona chinthu chisanakhote pa gomo, ndipo ndinkadziwa kusiyanitsa chipika ndi chitseko chikadali kutali. Tinkavuula mitengo ya denga, zitseko, mitondo, maungu, nkhuku zakufa, nthawi zina mbuzi yotupa. Zonse zinkapita kumsika, za kumsika zinkapita ku Mchesi. Chilimwe ndinkasenza katundu wa anthu pa depoti, n'kumagona m'makonde a masitolo. Sindingakuuzeni bwino kuti zinadutsa mvula zingati. Nyumba za ku City Centre zinkatalika, mbendera za akazembe zinkakwera ku Area 10, ine ndili pa mlatho.

Ndinene choipitsitsa, chifukwa ndikachibisa ndiye kuti ndangokutayitsani nthawi. Ndinafika poti mitambo ikada kumapiri kwathu, mtima wanga unkasangalala. Ine, mwana wa m'mphepete mwa mtsinje, wodziwa kuti chitseko chilichonse choyandama chasiya anthu pa chulu. Agogo ndinali nditaleka kuwayang'ana. Ndinkayang'ana katundu.

Ndiye kunabwera madzi ena aakulu. Tinavuula zambiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditaledzera, nditagona chafufumimba pansi pa mtengo wa mango, osadziwa kanthu. Madzi anafika pachimake ine ndili mtulo. Mawa lake, mutu ukuwawa, tinkayanika zimene tinapeza pa udzu. Kunafika mayi wina. Sanali wamkulu kwenikweni, mwina msinkhu wa mlongo wanga ndikanakhala naye. Matope anali ataumira m'miyendo mpaka m'mawondo, duku analibe.

"Odi. Ndikufuna bambo amene amatchedwa Kakowa."

Jailosi anati, "Ndi awo, mayi, bwana wa kampani. Mukufuna chitseko kapena mtondo? Lero mitengo yatsika."

Mayiyo anayang'ana muluwo. Anawerama, n'kugwira chitseko china chokhala ndi chigamba cha chitini m'munsi.

"Ichi n'cha aneba anga. Anakhomapo chitini chifukwa cha makoswe."

Sanachipemphe. Anachisiya bwinobwino mmene chinalili. Jailosi anatseka pakamwa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Mayiyo anabwera pamene ndinakhala, anagwada monga amachitira kwa munthu wolemekezeka, ine ndikununkha ngati mbiya.

"Bambo, ine ndine Nangondo. Ndachokera kumtunda, ndayenda m'mbali mwa madzi. Kumsika andiuza kuti inu palibe chodutsa pano chimene simuchiona. Mwana wanga wamkazi, Esinati. Anavala diresi lachikasu. Dzulo masana. Kodi anadutsa?"

Abale anga, bodza linali pa lilime. Ndikanati sanadutse, akanabwerera kumtunda ndi chiyembekezo. Ndikanati anadutsa, akanalowera kumunsi. Lililonse mwa awiriwa likanandichotsera maso akewo pa ine. Ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana ngowe yanga.

"Mayi, sindikudziwa. Ndinaledzera. Ndinagona."

Anafunsa akadali chogwada.

"Masana onse?"

"Masana onse."

"Nanga pano mumakhalira chiyani?"

Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi kudziwa. Ndipo ine, amene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, ngakhale Jailosi, ndinamuuza za agogo, za mbuzi, za nthochi imene ndinakana kudula. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anadzuka, anakutumula mawondo.

"Maso muli nawo. Tiyeni mukandithandize."

Tinatsika ndi mtsinje. Madzulo ake anatipeza amuna awo ndi achimwene awo, amene ankafufuza tsidya linalo. Tinayenda masiku angapo, kugona m'midzi ya anthu, kufunsa asodzi ndi okumba mchenga, kutokosa mulu uliwonse wa zinyalala umene unakodwa m'mitengo. Chifukwa chosowa kachasu ndinkasanza m'tchire, thukuta lozizira lili thupi lonse. Palibe anandinena. Chikasu chilichonse chinkatiimitsa mtima: pepala, duwa la dzungu, chigubu. Masiku onsewo mayi Nangondo sanagwetse msozi. Ankangoyenda patsogolo, milomo itauma.

Tsiku lina m'mawa anaima pamene mtsinje unatambalala, anayang'ana kumunsi nthawi yayitali.

"Basi. Tiyeni kumudzi tikaike."

Ine ndinati, "Mayi, tipitirire pang'ono. Mwina kutsogoloku."

"Bambo, kumudzi ndasiya ana awiri, akugona pa mphasa ya eni. Inu mwadikira zaka pa mlatho. Mwapeza chiyani?"

Ndinawatsatira mpaka kumudzi kwawo, sindikudziwa chifukwa chake, mwina chifukwa ndinalibe kwina kopita. Mudziwo unali ngati wathu: makoma ogwa, madenga okhala pansi, fungo la chimanga chowola, nkhuku zotsala zikuyenda pamwamba pa matope. Adzukulu, aja okumba manda, anatenga chikwanje kupita kudimba. Nthochi zambiri zinali zitagona, zochepa zinatsala chiimire. Mmodzi anafunsa kuti adule yotalika bwanji. Anaitana mayi ake a mwana. Mayi Nangondo anaimirira, anaika dzanja pansi pa bere lawo.

"Amandilekeza apa."

Anayeza ndi bango, n'kudula. Poti ndinali pafupi, anati, "Alendo, gwirani uko." Ndinalandira thunthulo m'manja. Linali lozizira, lolemera kuposa mmene ndinkaganizira, madzi akudontha podulidwapo. Tinalinyamula mosamala, palibe amene anatiuza kutero. Azimayi analiveka kansalu ka mwanayo kamene kanapezeka pa mpanda, n'kulikulunga mu mphasa. Mphasa itangomangidwa, mayi Nangondo anagwa pansi n'kulira. Kulira kwa masiku onse aja kunatuluka nthawi imodzi, akuitana Esinati, Esinati, ndipo mudzi wonse unalira nawo. Ine ndinaima kumbuyo kwa amuna, ndikuona. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankalira nthochi.

Titabwerako kumanda ndinakawatsanzika. Mawu anali atawathera, ankangonong'ona.

"Musaganize kuti ndapusa, bambo. Ndikudziwa chimene taika. Koma azing'ono ake akadzandifunsa kuti Esinati ali kuti, ndizidzati ali uko kumsitu, pafupi ndi agogo ake. Sindingamawauze kuti ali m'madzi. Madziwo tikamwa mawa."

Mawu amenewo ndinayenda nawo mpaka m'tauni.

Sindikuuzani kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo. Ndinagwanso kawiri kapena katatu. Choyamba chimene ndinachita chinali kubweza ngowe kwa Jailosi. Anati, "Kakowa walowa mpingo! Ukatipempherere, mvula ichuluke." Koma chitseko cha chigamba chija anali asanagulitse, ndipo ndinamva kuti anachitumiza kwa eni ake pa ngolo. Ndinapita kwa mayi wa kachasu kukamuuza kuti ndikabwera asandipatse. Anaseka, anati onse amatero. Ndiye ndinangosiya kudutsa njira imeneyo, ngakhale kuzungulira kwake kunali kutali. Pa mlatho sindikanaleka kudutsa, tauni yake ndi yomweyi, koma ndinkayenda pakati pa anthu, maso pa msana wa amene ali patsogolo panga.

Ndinapita ku Area 10 kukapempha ntchito yanga. Madamu anatuluka, anandiyang'ana kuyambira kumutu, anati, "Lameki, wafika potere?" Anali atalemba kale wina. Anandipatsa tiyi ndi malaya akale a bwana, basi. Mlonda wa nyumba yoyandikana, mkulu wina wa mpingo uno amene anatisiya kale, ndiye anandilozera kwa kapitawo wa otchetcha udzu m'misewu ya City Centre. Anandilolanso kugona m'khitchini mwake. Mdani wanga wamkulu inali mvula. Ikangoyamba kulira pa malata, miyendo inkafuna kunyamuka yokha. Mkuluyo anazindikira. Mitambo ikada ankanditulutsira nsapato zakutha za ana ake, singano ndi ulusi, n'kukhala pakhomo ngati akuona mvula. Ndinasoka nsapato zambiri chaka chimenecho, zina zosafunika kusoka.

Ndiye inu abambo, mvula ikayamba musakhale nokha, ndipo manja asakhale opanda kanthu. Idyani kaye musanaganize chilichonse, njala ndi chisoni zikakumana zimaitana botolo. Madzi akaphwa mudzabwerera kwanu, ndikudziwa, ndipo sindikuletsani, dimba lili komweko. Koma ngati pali wachibale kumtunda amene angakubwerekeni pomanga kanyumba kogona, pitani mukagwade, manyazi samiza munthu. Kumapiri kukada, musayang'ane dzuwa la pamutu panu. Mbuzi muzimangirira mfundo yosolola ndi dzanja limodzi. Ndipo amene mwataya munthu osamupeza, mufuneni mpaka miyendo ikane. Ikakana, lolani abale anu achite mwambo. Sindikulonjezani kuti madzi sadzabweranso. Ine ndakalamba ndikuwaona akubwera, ndipo ndatopa nawo ngati inu nomwe.

Chinatsala chinali kumudzi. Ndinazengereza chilimwe chonse, n'kupita mvula ili pafupi. Nyumba anali atamanganso pomwe zinali. Ana sanandidziwe, anathawa. Malume ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo. Anali atakalamba kwambiri. Ndinakhala pansi chapatali, n'kuwomba m'manja. Anapitiriza kusema.

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Taswera. Kaya a ku likulu."

"Ndabwera kuti mukandionetse pamene anagona agogo."

Kasemasema anaima. Anandiyang'ana nthawi yayitali, kenaka anadzuka, ine pambuyo. Kumsitu anaima pa mtumbira wina wotitimira, womera udzu.

"Amayi, uyu wabwera. Uja munkati maso adzadya."

Ndinagwada. Ndinkaganiza kuti ndidzanena zambiri, koma chimene chinatuluka ndi kulira kokhakokha, kwa mwana wamng'ono, mpaka mphuno kutuluka madzi. Malume anadikira. Nditatha ndinafunsa kuti nthochiyo anadula ndani.

"Ndinadula ndine. Ukuganiza kuti zinali zophweka? Anali mayi anga iwe usanabadwe."

Tinabwerera kumudzi. Anandisiya pakhonde, analowa m'nyumba, ndinawamva akufufuza m'denga. Anatuluka ndi kanthu kokulunga m'pepala.

"Ife tonse tinameta maliro atatha, monga mwa mwambo. Mutu wako wokha ndi umene unatsala. Azakhali ako ali kuseriko, madzi aphitsa kale."

Anandiika lezala m'dzanja, anatola khasu lawo, n'kutsetserekera kudimba.